Za Mlimi Wosiya Feteleza wa ku Sitolo

Abale anga a m'midzi, papita zaka zisanu cisiyire banja langa kuthira feteleza ndi mankhwala ogula m'munda mwathu, ndipo ndifuna kukuuzani cimene ndaona. Mlimi ndiye ayamba kusandulika, nthaka itsata pambuyo pace.

Coyamba kusinthika ndico caka ca nchito. Kuyambira 2005, pamene Boma la Malawi linayamba kugawa makuponi a feteleza wotsika mtengo, ambiri a ife tinazolowera kupumula tikakolola, ndi kudikira dzina lathu kuti liitanidwe. Koma wolima ndi manyowa ayamba nchito yace pa tsiku lokolola lomwe. Mapesi saocha iai. Awaunjika pamodzi ndi ndowe, phulusa ndi masamba aawisi, nawazapo madzi, namata muluwo ndi dothi, ndipo ikapita miyezi iwiri kapena itatu manyowa apsa. Cifukwa cace ine, amene kale sindinasamala moto wa anyamata osaka mbewa, lero ndiuopa monga mbala; ndipo ndapitapo kwa a mfumu kukapempha kuti ziweto zisamatayiriridwe m'minda ya eni ace m'cirimwe.

Caciwiri ndizo mbeu. Cimanga cikakhala cokha caka ndi caka citopetsa nthaka, ndipo kaufiti acuruka. Nandolo, mtedza, soya ndi khobwe ziri ndi timatuza ku mizu yace, momwe mukhala tizirombo tosaoneka totenga cakudya ca mbeu mu mpweya ndi kucisiya m'nthaka. Alimi a ku Ekwendeni anayamba m'caka ca 2000 kuyesa kubzala nandolo ndi mtedza m'munda umodzi, cifukwa ana ambiri anali kufika ku cipatala ali onyentchera. Caka cotsatira abzalamo cimanga. Ifenso titero. Ndipo mtengo wa msangu, umene uyoyola masamba ace nthawi ya dzinja ndi kunenepetsa cimanga ca pansi pace, sitiudulanso.

Cacitatu ndiwo maso. Pamene mbozi zacilendo zinaononga cimanga m'dziko muno m'caka ca 2017, tinaphunzira kuti wopanda botolo la mankhwala ayenera kulawirira ku munda, kutembenuza masamba, kuphwanya mazira, ndi kuthira mcenga kapena madzi a ombwe ndi nimu mu mtima wa cimanga. Wotero adziwa munda wace monga mai adziwa nkhope ya mwana wace.

Sindikubisirani zowawa zace. Thumba la feteleza munthu alinyamula pa njinga, koma manyowa a munda womwewo afuna ngolo zambiri. Ndipo bambo akakhala pa khonde, katundu yenseyo agwera mai ndi ana. Ndiponso zaka ziwiri zoyamba nkhokwe yathu siinadzala monga kale, ndipo m'mwezi wa February tinadya kamodzi masiku ena. Pa caka cacitatu dothi linada, linafewa ku khasu, ndipo linasunga cinyezi pamene mvula inadula.

Cifukwa cace, inu ofuna kuyesa, musasiye zonse tsiku limodzi. Patulani cigawo cimodzi ca munda, mupangane bambo ndi mai za nchito yace, muyambe mulu wa manyowa mapesi asanaume. Akulu anati, kuona maso a nkhono nkudekha.