Kutchona

Agogo anga a ku Lirangwe sanenapo kuti achimwene awo anamwalira. Amati anatchona. Anapita ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela m'zaka za m'ma 1960. Makalata anabwera awiri, kenako zii mpaka lero.

Ndili mwana ndinkayesa liwuli ndi lathulathu, ngati kusinja kapena kupeta. Anandidzidzimutsa ndi mnzanga wina wa ku koleji amene anakulira ku Bulawayo. Tsiku lina madzulo analoza kumadzulo n'kunena kuti ilanga litshonile. Ndinamugwira mkono: wati chiyani? M'Chindebele ndi m'Chixhosa, ukutshona ndi kulowa kwa dzuwa, kapena kumira. Azulu amati ukushona, ndipo akanena kuti munthu ushonile, ndiye kuti wamwalira. Ine ndimakhulupirira kuti liwuli linabwera ndi anthu a ku migodi omwewo, pamodzi ndi mabulangete ndi majekete. Kungoti litafika kuno linasiya imfa m'njira. Mtchona samulira maliro. Mwina ali moyo, mwina anakwatira komweko, mwina manyazi obwera chimanjamanja ndiwo anamumanga miyendo.

Ine ndimakhala ku Chileka, ndege zikamatera mawindo amanjenjemera. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela yobweretsa anthu a ku migodi kuno inagwa itangonyamuka ku Francistown, Amalawi 74 n'kufa, Kamuzu n'kuletsa Wenela kulemba anthu. Ndinawafunsapo agogo ngati amenewo ndi matchona. Anakana mwaukali ndithu. "Amenewo amabwera kwawo, iwe. Katundu anali atamanga."

Nkhaniyi sindikuyilemba chifukwa chokonda mawu chabe. Digiri yanga yatha zaka zitatu ili mu envulopu. Ndimatumiza ndi kulandiritsa ndalama za pafoni pakakhonde ka eni ake, ndipo pasipoti inatuluka mwezi wathawu. Mabasi a ku Joni amanyamukira pa Wenela pomwepo, dzina silinasinthe n'komwe.

Lamlungu ndinakwera minibasi kukawauza. Anali akutong'ola chimanga, sanadzutse mutu.

"Ubwera liti?"

"Zikayenda, agogo."

"Achimwene anatero."

Kenako anatola khala pamoto wozima, n'kundiuza kuti ndilembe nambala yanga ya foni pakhoma la khitchini, zilembo zikuluzikulu, kuti ana azitha kuwawerengera. Ndinalemba. Sindinawauze kuti munthu ukangowoloka Beitbridge nambala imasintha.