Ulendo wa ku Kabula: Makomo Amene Wofuna Kuleka Mowa Angagogode

Abale athu okondedwa a kumidzi, ambiri a inu muli ndi ana kapena amuna amene anapita ku Kabula kukafuna ntchito. Ena amatumiza sopo ndi ndalama. Koma ena anangoti zii, ndipo mbiri yofika kwanu ndiyo yakuti mowa unawagwira. Chifukwa cha iwowa tinayendera malokeshoni a Blantyre, kuti tikuuzeni makomo amene munthu wofuna kuleka mowa angagogode.

Tinayambira ku Bangwe, kum'mawa kwa Limbe, kumene nyumba zakwera m'mbali mwa phiri. Kumeneko kachasu sasowa, ndipo mtengo wake ngwakuti ngakhale waganyu autha. Boma linaletsa mowa wa m'masacheti m'chaka cha 2015, ndipo mu 2017 linakhazikitsa ndondomeko ya dziko lonse yokhudza mowa. Zimenezi nzabwino, koma lamulo litseka fakitale, silichotsa ludzu m'khosi mwa munthu amene anazolowera.

Pochoka ku Bangwe tinabwerera ku Limbe, ndi kulunjika ku Zingwangwa, patsinde pa phiri la Soche. Pano tinaona khomo loyamba, ndilo chipatala chaching'ono cha boma. Chotere chiliponso ku Bangwe, ku Ndirande, ku Chilomoni, ndi ku South Lunzu kwa anthu a ku Machinjiri. Mverani bwino apa: munthu amene wamwa kwambiri tsiku ndi tsiku kwa zaka zambiri asaleke mwadzidzidzi ali yekha m'nyumba. Pa masiku awiri kapena atatu oyamba angathe kunjenjemera, kuona zinthu zosaoneka kwa ena, ngakhale kugwa ngati wakhunyu, ndipo ena amafa nazo. Si ufiti ai, ndi thupi lofuna chimene linazolowera. Ayambe waonana ndi a chipatala. Iwo akaona kuti matenda akula amtumiza ku Gulupu, ndicho chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth. Kulinso chipatala cha matenda a maganizo ku Zomba, ndi a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, amene amasamala ogwidwa ndi mowa.

Koma chipatala chichiza masiku owerengeka, tsono munthu abwerera kwa anzake akale aja. Za ichi tinalingalira titafika ku Chilomoni, kumadzulo kwa mzinda, kumene Njira ya Mtanda ikwera phiri la Michiru. Okwera kumeneko amayenda pagulu, naima malo ndi malo, wamphamvu nadikira wotopa. Momwemonso ndi kuleka mowa: mutu umodzi susenza denga.

Nzeru imeneyi anaizindikira amuna awiri a ku America, Bill Wilson ndi Dr Bob Smith, onse ogonja ku mowa. Anakomana ku Akron m'chaka cha 1935, napeza kuti pamene akambirana za vuto lao, chilakolako chinkachepa. Apo ndipo panayambira gulu la Alcoholics Anonymous, limene lafalikira m'maiko ambiri. Mu 1939 Sisitere Ignatia anayamba kulandira anthu otere m'chipatala cha St Thomas ku Akron komweko, monga odwala enieni, osati monga anthu oipa. Mwambo wa gululi ngwapafupi. Polowa salipira. Chofunika nchimodzi chokha, ndicho kufuna kuleka. Aliyense atchula dzina loyamba lokha, nafotokoza za iye mwini, ndipo zonenedwa m'menemo sizituluka kunja. Salonjeza za moyo wonse, koma za lero lokha, mawa adzalonjezanso. Atsata masitepe 12, loyamba ndilo kuvomera kuti mowa wamposa mphamvu.

Nanga anzake otere awapeza bwanji? Ku Ndirande, kumene mtsinje wa Nasolo upyola pakati pa nyumba zothithikana, tinaona kuti makomo ofunsira ali pafupi. Afunse namwino wa kuchipatala. Afunse bambo mfumu, kaya ku Holy Ghost ku Ndirande, kaya ku St James ku Chilomoni. Afunse mkulu wa mphakati wa dera lake. Funso likhale lolunjika: kodi alipo ena amene analeka mowa ndipo amakomana?

Tinatsiriza ku Machinjiri, kuseri kwa phiri la Ndirande, dera lalikulu logawidwa m'maeriya a manambala. Kuchokera kumeneko kupita m'tauni kufuna ndalama ya minibasi, imene wosauka saipeza mlungu uli wonse. Nchifukwa chake msonkhano wabwino ndi uja munthu afikako ndi miyendo. Ngati kulibe, asataye mtima: mwambo wa gululi ulola kuti awiri kapena atatu ofuna kuleka ayambe okha. Chipinda chimodzi cha pa tchalitchi kapena pa sukulu, tsiku limodzi pa mlungu, ola losasinthasintha, nzokwanira.

Inu a kumudzi, mbali yanu nayi. Mukamuimbira foni mwana wanuyo, musayambe ndi matemberero, pakuti manyazi ndiwo amthamangitsira kumowa. Muuzeni makomo awa. Musambwezere ngongole za mowa, koma ngati nkotheka pitani mukamperekeze tsiku loyamba. Akagwa, muuzeni abwerere kwa anzake mawa lomwe. Mulungu akulimbitseni mitima m'mabanja mwanu monse.