Kumera si kugwira

Agogo anga aamuna anachoka kwawo m'tsinde mwa phiri la Mulanje kudzagwira ntchito pa mgodi wa Trojan, kuno ku Bindura, m'zaka za m'ma 1960. Kumudzi sanabwererenso, koma nkhani ya mkungudza, mtengo wonunkhira wa pamwamba pa phirilo, sinkachoka pakamwa pawo. Ankati mtengowo kumera umamera, chovuta n'kugwira.

Mawuwa ndawamvetsa chaka chino, ndipo ndawamvetsa mwamanyazi. Ntchito yanga m'bungwe lathu ndi yolemba malipoti. Mu Disembala chaka chatha, gulu la amayi linawokera mbande za msangu ndi mthethe m'mbali mwa mulu wa mchenga wotsala pa mgodi wina wakale. Njere zinali zitamera bwino m'machubu, poti amayiwo anayamba adula pang'ono khungu lake lolimba n'kuziviika m'madzi. Ndinajambula zithunzi, n'kulemba kuti ntchito yatheka. Nditabwererako mu Okutobala ndinapeza timitengo touma, kupatula tochepa tomwe tinali titabisala m'tsinde mwa udzu.

Mchenga wa pamgodi si nthaka. Ulibe chonde, mvula ikagwa umauma n'kuchita chikhakha pamwamba, masana umatentha ngati chiwaya, ndipo mizu ikatsika imakumana ndi michere yoipa.

Chodabwitsa n'chakuti vutoli likufanana ndi la kumapiri ozizira kwambiri. Ku Alps, ku Ulaya, njere za maluwa ambiri a m'madambo a pamwamba sizimera zisanagone milungu ingapo m'chisanu ndi chinyezi. Umo ndi momwe zimapewera kumera nyengo yozizira isanathe. Komabe zambiri zomwe zamera zimafa chaka choyamba chisanathe, chifukwa madzi akaundana nthaka imafufuma n'kuzula timizu, kapena dzuwa ndi mphepo zimaziumitsa. Zopulumuka kawirikawiri ndi zomwe zagwera kuseri kwa mwala kapena mkati mwa chomera china chachikulu.

Pa Mulanje, pomwe nsonga ya Sapitwa imafika mamita 3,002, kafukufuku wa mu 2017 anapeza mikungudza ikuluikulu isanu ndi iwiri yokha, odula mitengo atatha ina yonse. M'manazale mbande zimatuluka zambirimbiri, koma paphiri zimayenera kulimbana ndi moto wolusa komanso chilimwe. Bwenzi agogo atapukusa mutu.

Ife olemba malipoti timakonda kuwerenga mbande tsiku lowokera, popeza ndi pomwe chiwerengero chimakoma.

Amayi aja sanagwe mphwayi. Tsopano ayamba ndi kudzala udzu wa vetiva m'mizere, ndipo maenje akukumba aakulu n'kuthiramo dothi la pachulu losakaniza ndi manyowa. Mtsogoleri wawo, mayi wachikulire amene makolo ake anachokera ku Dedza, anandigwira dzanja potsanzikana nati: "Mwana wanga, tsiku lowokera musavutike n'kubwera. Kamera yanuyo mudzabwere nayo mu Okutobala."