Kutsika Khwekhwerere, kukafika ku Mua

Minibasi inatipeza pa Masasa tikunjenjemera. Unali m'mawa wa mwezi wa Juni, ndipo amene anagonapo ku Dedza akuchidziwa chisanu chake, chija cholowa m'mafupa ngakhale utavala majuzi awiri. Kondakitala anatilongedza anayianayi pa mipando ya anthu atatu, matumba a kachewere n'kuwakankhira kunsi kwa miyendo yathu. Ine anandipatsa malo kutsogolo, pakati pa dalaivala ndi mkulu wina wa imvi amene anafumbata chipewa pamaondo. Ndinkapita ku Mua kukazonda azakhali anga amene anagonekedwa m'chipatala cha pamishoni.

Msewu wochoka pa Masasa kutsikira ku Golomoti anthu amautcha Khwekhwerere, ndipo dzinalo silifuna womasulira. M'kanthawi kochepa umatsika pafupifupi mamita 1,000, kuchoka pamwamba pa mapiri mpaka kuchigwa cha kunyanja. Uku phiri, uku phompho. Ukasuzumira kumunsi umauona msewu womwewo utapindikapindika, ukukudikira.

Dalaivala wathu, mnyamata ndithu, anazimitsa wailesi tisanayambe n'komwe kutsetsereka. Anaika giya yachiwiri, injini n'kumangolira ngati ikudandaula, ndipo pakona iliyonse ankaliza hutala. Nditamufunsa chifukwa chake sakungoponda mabuleki, anayankha maso ali pamsewu: "Achimwene, kuno mabuleki sitiseweretsa. Ukamangowaponda amatentha. Kenaka uponda, phazi lifika pansi, galimoto osaima." Anati alipo anzake amene amachotsa giya potsika kuti apulumutse mafuta, ndipo iye sangakwere galimoto yawo ngakhale yaulere. Patsogolo pang'ono tinapeza lole itaima pakona, miyala atatsamiritsa kumatayala, nthambi zamasamba atazindandalika pamsewu m'malo mwa zizindikiro. Fungo la mabuleki opserera linalowa mpaka m'minibasi. Palibe anayankhula. Mayi wina kumbuyo ankangoyendetsa zala pakolona.

Titafika pansi, majuzi aja anayamba kuvulidwa. Kunja kunali kutatentha kale, milambe ili mbwee, ndipo chapafupi ndi Golomoti magalasi opangira magetsi a dzuwa ankanyezimira. Malowa anayamba kugwira ntchito mu 2022 ndipo amatulutsa mamegawati 20. Tinatsitsa ena, kukweza ena, n'kukhotera kumanzere kulowa msewu wa M5 wopita ku Salima.

Apa ndi pamene ndinamutaya dalaivala wanga uja. Wailesi inabwerera, chigongono chinatuluka pawindo, ndipo kamuvi koonetsa liwiro kanakwera mpaka kupitirira 100. Chigwachi n'chosalala, msewu umaoneka patali, ndiye mtima umagwa pansi. Koma msewu wa kuno ndi wopapatiza, phula linadyeka m'mbali ngati chigumu cholumidwa ndi ana, ndipo palibe kanjira kapadera ka oyenda pansi. Pa phula lomwelo pamadutsa onse: ngolo za ng'ombe, akabaza a njinga zamoto, amayi osenza nkhuni, mbuzi, ana asukulu, ndi anthu okankha njinga zolemedwa ndi matumba a mpunga wa ku Bwanje.

Mmodzi wa iwo tikanamupha. Kutsogolo kunali dzenje, kumanja kukubwera lole, kumanzere bambo wina akupalasa njinga thumba lili pakaliyala. Dalaivala anazemba dzenje, nakhotetsera kumanzere, hutala ili pii! Bamboyo anadzigwetsera kunja kwa phula, njinga uko, thumba uko. Ndinatembenuka n'kumuona akudzuka m'fumbi, akudzisasa. Sitinaime.

"Msewu wake womwewu," anatero dalaivala. "Misonkho timalipira pamafuta, pa Chingeni ndi pa Kalinyeke timalipiranso, koma onani maenjewa."

Mkulu wa chipewa uja, amene sanatsegule pakamwa kuchokera pa Masasa, anafunsa mofatsa: "Adalaivala, msewu uno mumadutsamo kangati pa sabata?"

"Tsiku lililonse, madala."

"Ndiye dzenje lija mwaliona lero?"

Minibasi yonse inagawikana. Ena anaima ndi dalaivala, nati munthu sangayendetse bwino pa msewu wa zigamba, ndipo boma ndilo likupha anthu. Kondakitala anaponyamo yake, kuti mwini galimoto amafuna ndalama yake yokwanira madzulo, kaya kwagwa mvula kaya mafuta akwera, ndiye ukamayenda ngati kamba okwera onse akutolera anzako. Mayi wa kolona anangoti, "Ana inu, ndalama sidzutsa maliro."

Ine mbali zonse ndikuzimva, ndipo sindikufuna kupeputsa dandaulo la msewu. Dzenje limaphulitsa tayala. Phula lodyeka m'mbali limakankhira wa njinga pakati pa msewu, ndipo usiku ngolo yopanda chonyezimira umaiona utafika kale. Msewu wodutsa pakati pa misika ndi masukulu chonchi umayenera kukhala ndi malo a oyenda pansi, ndipo imeneyo ndi ngongole ya boma kwa anthu a kwa Kachindamoto. Koma funso la mkulu uja linandikhala pamtima. Pa Khwekhwerere, pamene msewu ndi woopsa zedi, mnyamatayu anatitsitsa ngati wanyamula mazira. Dzanja lomwelo, galimoto yomweyo, pamalo osalala n'kutsala pang'ono kupha munthu. Chinasintha n'chakuti kuphiri kuja moyo umene unali pachiswe unali wake. Kuchigwa kuno unali wa bambo wa njinga.

Masamu akenso ndi osavuta. Galimoto yothamanga makilomita 100 pa ola imadutsa mamita pafupifupi 28 pa sekondi imodzi. Ukawirikiza liwiro kawiri, mtunda wofunika kuti mabuleki aimitse galimoto umawirikiza kanayi. Akanakhala pa 50, dalaivala akanachepetsa, lole n'kudutsa, iye n'kulizungulira dzenje lake bwinobwino, ndipo tikanachedwa ndi mphindi yosakwana n'komwe.

Ndinatsikira panjira yolowera ku Mua n'kukwera kabaza. Azakhali ndinawapeza akupezako bwino, akudandaula za phala lopanda shuga. Madzulo ndinazungulira pamishoni, imene ansembe a White Fathers anaikhazikitsa mu 1902, ndipo ndinalowa ku KuNgoni, malo osungira chikhalidwe amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976. Zigoba za Gule Wamkulu zili mmenemo n'zofunika tsiku lathunthu.

M'mawa mwake ndinayenda wapansi chakumsewu, kulowera ku Mtakataka, kuti ndiuone msewuwo ndi maso a eni dera. Ukakhala pansi umamva mosiyana. Lole ikamadutsa mphepo yake imakukankha, ndipo ana asukulu anaphunzira kale kudumphira m'tchire akangomva hutala, osatembenuka n'komwe. Kamtsikana kena kanagwira mng'ono wake pamkono n'kumukokera kuudzu, kenaka onse n'kubwerera paphula ngati palibe chachitika.

Ndisanamizire dalaivala yekha. M'minibasi muja tinalimo anthu pafupifupi 20, ndipo amene anayamba kumudzudzula anali mkulu mmodzi, bambo wa njinga atagwa kale. Ine ndinakhala phewa ndi phewa ndi dalaivalayo, kamuvi kaja ndinkakaona kuyambira pa Golomoti, ndipo ndinakhala chete poopa kutchedwa wamantha.