Makope a Amisiri

Nkhondo itatha ndi pangano la ku Rome la pa 4 Okutobala 1992, tinayamba kubwerera kwathu ku Mozambique kuchokera ku Dedza, ku Ntcheu ndi ku Mwanza komwe tinathawira. Mfuti zinali zitaleka kulira, koma mabomba okwirira anali akadali m'njira za kumadzi, m'mphepete mwa minda ya makolo, ndi pansi pa mitengo ya mango imene wobwerera aliyense ankathamangira kukaona ngati ikadalipo. Chigawo cha Tete chinali ndi mabomba a nkhondo zitatu: amene Apwitikizi anakwirira mozungulira damu la Cahora Bassa, amene asilikali a Rhodesia anatchera m'malire cha ku Mucumbura, ndi a nkhondo yathu yapachiweniweni. Mu 1993 a Norwegian People's Aid anayamba kuwazula, koma kuzula bomba ndi ntchito yokwawa ndi maondo, ndipo munthu wanjala sadikira kuti munda wake uyambe wapimidwa.

Ine ndinapeza ntchito mumzinda wa Tete, m'chipinda chopangira miyendo. Masiku amenewo a Handicap International ndi amene ankathandiza ntchitoyi kuno, ku Lichinga, ku Pemba ndi ku Inhambane, pomwe a Red Cross anali ndi malo awo ku Maputo, Beira, Quelimane ndi Nampula. Anandilemba chifukwa cha pakamwa. Odwala a ku Angónia, Tsangano ndi Macanga ankalankhula Chichewa, a mumzinda Chinyungwe, madokotala Chipwitikizi, ndipo ine ndinkatha zonse zitatu. Koma m'chipinda chija munalibe wokhala manja lende, choncho posakhalitsa ndinayamba kukanda chikhakha ndi kusesa fumbi lake.

Mkulu amene anandiphunzitsa tinkangomutchula kuti Amisiri. Anali munthu wamfupi, wa manja aakulu, wosathamangira mawu. Wodwala akafika, asanagwire tepi yoyezera, ankayamba akhala pansi n'kufunsa: “Mayi, kumunda mumapita wapansi? Madzi mumatunga kuti? Pophika mumakhala pampando kapena pamphasa?” Akamva zonsezo m'pamene ankagwira chitsa cha mwendo, kuchisisita ndi chala chachikulu kufuna pamene fupa latulukira, n'kulembapo ndi pensulo yonyowetsa. Kenaka ankakulunga bandeji ya chikhakha, n'kukanikiza ndi zala pansi pa bondo mpaka chikhakhacho chitayamba kufunda ndi kuuma. Akavula chikombolecho, zizindikiro za pensulo zija zinkatsalira mkati. Tinkathiramo chikhakha chamadzi, chikauma iwo ankachipala ndi tupa, apa kuchotsa pang'ono kuti thupi litsamire, apa kuwonjezera kuti fupa lisakhuzike. Poyamba tinkagwiritsa ntchito mtengo, chikopa ndi zitsulo. Pambuyo pake kunabwera pulasitiki yotenthetsa mu uvuni, imene tinkaiyala pachikombole ikadali yofewa. Ndikafulumira kupala, ankandigwira dzanja n'kunena kuti, “Mphwanga, kuona maso a nkhono n'kudekha.”

Chimene ndimachikumbuka koposa miyendo ndi makope awo. Anali makope wamba a ana asukulu, ogula ndi ndalama za m'thumba mwawo. Palibe anawatuma kulemba. Tsamba lililonse ankalijambula mizere: mudzi wa munthu, mwezi umene walandira mwendo, ntchito imene amagwira, ndi mwezi umene wabweranso. Mzere womaliza, wotakata kuposa yonse, unali wa chifukwa chimene wabwerera. M'makope amenewo ndi mmene anaonera kuti zilonda za pachitsa zinkachuluka mu Okutobala ndi Novembala, pamene kutentha kwa Tete kumapitirira madigiri 40 ndipo thukuta limadzaza m'chikombole. Anaonamo kuti phazi la labala linkatha msanga kwa olima madimba m'mbali mwa Zambezi ndi Revúbuè kusiyana ndi kwa ogulitsa pamsika. Anaonamonso kuti amayi ankabwerera mwapatalipatali poyerekeza ndi abambo, ndipo atafunsa bwino anapeza kuti sikunali kuti miyendo yawo inali yabwino ayi, koma analibe ya basi ndi wosiyira ana. Kuyambira pamenepo, mayi akabwera ankaonetsetsa kuti zonse zitheke ulendo womwewo, ngakhale titagwira mpaka mdima. Kwa olima ankapereka masokosi awiri a pachitsa, ena kuvala ena kuchapa.

Nthawi imeneyo sindinkadziwa kuti zimene ankachitazo zili ndi dzina kusukulu zaukachenjede. Wandiuza ndi mdzukulu wanga wamkazi, amene akuphunzira zaumoyo ku UniZambeze konkuno ku Tete. Madzulo ena amandiwerengera pafoni yake zimene akatswiri analemba za dziko lathu, n'kumandimasulira. Anandiwerengera za Alberto Ascherio ndi anzake, amene anayenda khomo ndi khomo m'chigawo cha Manica ndi ku Metuchira ku Sofala, n'kusindikiza zimene anapeza m'magazini ya The Lancet mu 1995. Anapeza kuti mwa anthu 100 aliwonse oponda bomba, 48 ankamwalira, ndipo 68 anali anthu wamba osati asilikali. Chiwerengero chenicheni chinali chokwera kangapo kuposa cha m'makaundula a zipatala. Ndinakhala chete nthawi yaitali. Ife m'chipinda chija tinkaona okhawo amene anapeza owanyamula pamachira mpaka kumsewu. Anzawo anathera kutchire, ndipo anthu ofunsa khomo ndi khomo aja ndi amene anawalowetsa m'chiwerengero. Chaka chomwecho Neil Andersson ndi anzake analemba mu BMJ za mmene mabomba anasaukitsira mabanja ku Afghanistan, Bosnia, Cambodia ndi Mozambique. Mapepala otere anali m'manja mwa anthu amene ankamenyera kuti mabombawa aletsedwe. Pangano la ku Ottawa linasainidwa mu 1997, msonkhano woyamba wa maiko a m'panganoli unachitikira ku Maputo mu 1999, ndipo pa 17 Sepitembala 2015 boma linalengeza kuti minda yonse ya mabomba yodziwika yatha kuzulidwa.

Mdzukulu wangayo akuti masiku ano katswiri amayezedwa ndi kuchuluka kwa mapepala amene wasindikiza, ndi kuti anzake amutchula kangati m'mapepala awo. Sindinyoza muyeso umenewo, pakuti chimene sichinalembedwe poti ena angachione chimafa ndi mwini wake. Koma ndimauona kuti ndi waufupi. Ignacio Ponseti, dokotala wa ku Iowa, analemba mu 1963 kuti mwana wobadwa ndi mapazi opindika angawongoledwe ndi manja ndi chikhakha chosintha mlungu ndi mlungu, popanda opaleshoni yaikulu. Kwa zaka pafupifupi 30 anzake ambiri sanamulabadire. Akanamuyeza ndi kutchulidwa m'zaka zimenezo, bwenzi akumuyesa munthu wamba. Ndipo china mwa zimene zinathandiza kuti njira yakeyo ikhulupiriridwe m'maiko osauka ndi pepala la ku Blantyre la 2005, limene Chris Lavy, Nyengo Mkandawire ndi anzawo anaonetsamo kuti makilinikala ofesa a mafupa a ku Malawi akutha kuwongola mapazi amenewa bwino lomwe. Ine ndinaona ana amene anakula akuyendera msana wa phazi, zikang'a zili gwa, ndipo tinalibe chowachitira koposa kuwasokera nsapato. Mwana wobadwa choncho lero akapita msanga kuchipatala amadzathamanga ndi anzake.

Chimodzimodzi nkhani ya ku Nampula. Mu 1981, chaka cha chilala, anthu oposa 1,000 anauma miyendo mwadzidzidzi, makamaka amayi ndi ana. Julie Cliff ndi anzake a ku Unduna wa Zaumoyo anatsata mpaka anapeza kuti gwero lake linali chinangwa chowawa chodyedwa chisanakonzedwe mokwanira, poti njala sinkalola kudikira. Zimene anapezazo zinatuluka mu 1984 m'magazini ya bungwe la WHO, ndipo mpaka lero ofufuza za matendawa, otchedwa konzo, amazitchulabe. Kafukufuku ameneyo anatsikira mpaka pamtondo ndi pamphale wa mayi wa kumudzi, ndipo kwa ine kumeneko ndiye kufika.

Amisiri sanasindikize kanthu. Chingerezi sankachidziwa, ndipo panalibe amene anawauza kuti makope aja angasanduke pepala loti wina ku Cambodia kapena ku Angola awerenge. Atapuma ntchito ananyamula makope awo m'katoni n'kupita nawo kwawo kutsidya kwa mtsinje, ndipo anamwalira kumeneko. Zimenezi zimandiwawa, chifukwa zimene ankadziwa za mwendo wopanga m'dziko lotentha, pa munthu wogwira khasu, zinali zoona ndipo anazisonkhanitsa mwaulemu kwa zaka zambiri. Zinatsalira mwa ife ochepa amene tinaima pambali pawo, ndi mwa anthu amene anayenda.

Odwala a lero ndi ena. Oponda mabomba achepa, koma achuluka a ngozi za njinga zamoto ndi za magalimoto a katundu pamsewu wa ku Moatize ndi ku Zóbuè, odulidwa mwendo chifukwa cha shuga, ndi a sitiroko. Albertino Damasceno ndi anzake anatsata odwala sitiroko 651 ku Maputo mu 2005 ndi 2006, ndipo anapeza kuti pafupifupi theka anamwalira pasanathe masiku 28. A WHO anayambitsa ndondomeko ya Rehabilitation 2030 mu 2017, ndipo kafukufuku wa mu The Lancet wa 2020 anati munthu mmodzi mwa atatu padziko lonse ali ndi vuto lofuna chithandizo cha mtundu umenewu. Ku Maputo sukulu ya ISCISA ikuphunzitsa a mafizo, ndipo ku Blantyre maphunziro omwewo anayamba mu 2010. M'nthawi yathu ntchito yotere inkatsamira pa alendo ndi pa anthu ophunzira pogwira.

Mdzukulu wanga wasankha kuti kafukufuku wake womalizira sukulu akhale wa anthu a sitiroko amene atuluka m'chipatala n'kubwerera ku Matundo ndi ku Chingodzi. Akufuna kudziwa amene amawasambitsa, ngati amabwereranso ku mafizo, ndi chimene chimawaletsa akapanda kubwera. Anandionetsa mafunso ake, ndipo ndinamupempha kuti awonjezere limodzi: afunse ngati munthuyo amagona pabedi kapena pamphasa, chifukwa kudzuka pansi ndi mbali imodzi yakufa ndi ntchito ina. “Agogo, limeneli aphunzitsi alikonda,” anatero. Ayamba kuyenda m'makomo mvula ikatha.