Likoma akuoneka, koma lamya ikuti n'kunja

Kufupi ndi Cobué, m'boma la Lago, kuli mayi wina wogulitsa usipa amene madzulo akakhala pakhonde amaona magetsi a pachilumba cha Likoma. Kumeneko n'kumene kudakwatiwa mwana wao wamkazi. Chinenero n'chimodzi, mpingo ndi womwewo wa Anglican, koma lamya sidziwa chibale. Nambala ya mayiwo imayamba ndi +258, ya mwanayo +265, choncho akaimba amalipira mtengo woimbira dziko lakunja.

Kale uthenga unkayenda ndi eni mabwato. Kampani ya mcel idayamba mu 1997, Vodacom mu 2003, koma m'midzi yambiri lamya za m'manja zidafala Movitel itabwera mu 2012. Mayiwo adapulumukira pa WhatsApp, imene mdzukulu adawaphunzitsa. Kulemba sakutha bwino, koma kujambula mawu n'kutumiza amatha, ndipo mamega, monga anenera anthu kuno, safunsa za malire. Pomwepo amamveranso mtengo wa usipa ku Lichinga asanamange matumba.

Tsono mu Meyi 2024 bungwe la INCM, loyang'anira za lamya ndi intaneti m'Mozambique, lidaika mitengo imene makampani sankayenera kutsika kupyola pamenepo, ndipo mabando opanda malire aja adatha. Ati cholinga chidali kuletsa makampani kugwetsana ndi mitengo yotsikitsitsa. Mfundoyi siyopanda nzeru ai, pakuti kampani ikagwa, nsanja ya kumudzi ndiyo imayamba kuiwalika. Koma pepala losainidwa ku Maputo, ulendo wa masiku angapo kuchokera kuno, lidafika m'thumba mwa mayiwo sabata isanathe, iwo asanamve n'komwe kuti INCM n'chiyani.

Nthawi yake ndiyo idali yoipa. Mwana uja adali ndi pakati, mwezi wake wayandikira, ndipo mwera udali utayamba kukuntha. Amene adawolokapo nyanjayi mwera ukuomba adziwa kuti mwini bwato wanzeru amakana ngakhale umulonjeze zingati. Mamega amene kale ankatha sabata tsopano ankatha dzuwa lisanalowe kawiri. Mayiwo adayamba kugawa phindu la tsiku: iyi ya mchere, iyi ya sopo, iyi yomvera mwana. Tsiku lina sopo adagonja.

"Amayi, musamawononge ndalama, ndikadwala apongozi atuma munthu," adatero mwanayo. Iwo adangoyankha kuti, "Mwanawe, munthuyo awoloka bwanji ndi mwera uwu?"

Ku Maputo achinyamata adayenda m'misewu pa 18 Meyi kukana mitengoyo. Kumapeto kwa mweziwo nduna za boma zidapempha kuti iimitsidwe, ndipo mu Juni INCM idaiimitsa. Kunyanja kuno palibe adanyamula chikwangwani, ndipo mayiwo sadziwa nkhope ya ngakhale mmodzi wa anawo, komabe mawu oyamba a mdzukulu watsopano adawamva pa lamya, akulira, ndi mamega a mtengo wakale. Adawabwereza kufikira batire litatha.

Adayesa kuti zatha. Koma chisankho cha pa 9 Okutobala chaka chomwecho chitabala zionetsero, intaneti ya pa lamya inkadulidwa, ndipo WhatsApp ndi Facebook zidavuta kwa masiku ambiri. Ulendo uno nkhani siidali ya mtengo. Mamega adalimo, ogulidwa kale, koma uthenga unkangozungulira osapita.

Tsiku lachitatu mayiwo adakulunga lamya m'pepala la pulasitiki, adatenga ufa wa chinangwa ndi kamtanga ka usipa, natsikira kugombe. Mwera udali utaleka kale. Mwini bwato adafunsa ngati kutsidyako kwagwa zovuta. Iwo adati ai, akungofuna kukaona ngati mwana wayamba kukhala pansi.