Makilo 94: tiyi, jekeseni kapena kuchepetsa nsima?

Ndinapita ku kiliniki chifukwa cha mutu umene unandivuta sabata yonse, osati chifukwa cha thupi. Ba nesi anati ndivule nsapato ndikwere pa sikelo. Inayima pa 94. Msinkhu wanga ndi mamita 1.62. Kenaka anandiyeza BP, dzanja lamanja, lamanzere, nkubwereranso lamanja. Anandifunsa ngati ndimamwa mankhwala. Ndinati iyayi. Analemba 158/98 m'buku, nkundiuza kuti ndisachoke ndisanaonane ndi ba clinical officer.

Kwathu ku Chamboli kunenepa sikunali vuto. Atate anachoka ku Katete kudzagwira ntchito mu mgodi wa Nkana nthawi ya ZCCM, ndipo ine ndinakula m'ma 1990, pamene maliro sanali kutha m'komboni. Masiku amenewo munthu akayamba kuwonda, anthu amanong'onezana. Thupi linali ngati chikalata chosonyeza kuti uli bwino. Nditabereka mwana wachiwiri nkuyamba kudzaza, aliyense amati, "Waoneka bwino, amuna ako akukusunga." Amayi nawonso anthu amawatama choncho mpaka tsiku limene anagwa m'khichini ndi sitiroko. Anali ndi BP ndi shuga zaka zambiri. Tsiku lija pa benchi ya kiliniki ndinawerenga zaka: ndinatsala ndi 19 kuti ndifike pa msinkhu umene iwo anatisiyira.

Sindili ndekha. Kafukufuku wa STEPS amene Unduna wa Zaumoyo unachita ndi WHO mu 2017 anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa anayi m'Zambia ali ndi thupi lopitirira muyeso, ndipo azimayi ndife ochuluka. Muyeso wake amautcha BMI: makilo ako uwagawe ndi msinkhu wako m'mamita, nkugawanso kachiwiri ndi msinkhu womwewo. Ukadutsa 25 wapitirira, ukafika 30 madokotala amati ndi kunenepa kodwalitsa. Ine ndinapeza 36.

Choyamba chimene ndinathamangira ndi tiyi. Mnzanga wa ku tchalitchi amagulitsa pa WhatsApp, ndi zithunzi za azimayi atanyamula masiketi awo akale. Ndinalipira K350. Sabata yoyamba makilo atatu anachoka, ndinasangalala mpaka kuuza aliyense. Chimene sindinauze munthu nchakuti ku wailesi, kumene ndimathandiza pulogalamu ya achinyamata, ndinayamba kusankha nyimbo zazitali kuti ndipeze mpata wothamangira ku chimbudzi. Matiyi ambiri otere amakhala ndi senna, tsamba lotsegula m'mimba. Chimene chimachoka ndi madzi ndi zimene zinali m'matumbo, mafuta amakhala pomwe anali. Choopsa kwambiri nchakuti m'maiko ambiri oyeza apezapo sibutramine wobisidwa m'matiyi ndi makapisozi ochepetsa thupi. Mankhwala amenewa anachotsedwa pa msika ku Europe ndi ku America mu 2010 chifukwa amawonjezera ngozi ya matenda a mtima ndi sitiroko. Ine, wa BP ya 158, ndinali kumwa chinthu chimene paketi yake sinalembe ngakhale zimene zili mkati, ndipo panalibe chosonyeza kuti ZAMRA, bungwe loyang'anira mankhwala m'dziko muno, linachionapo. Nditasiya, makilo atatu aja anabwera m'masiku khumi.

Kenaka ndinalowa kalabu ya ma shake. Apa ndisaname, ndinakonda. Timakumana 05:30 pabwalo la nyumba ina, kuvina pang'ono, kuyezana m'chiuno, kuseka. Ndinachepadi makilo awiri, ndipo chifukwa chake nchosavuta: ukamwa kapu imodzi m'malo mwa tiyi wa shuga ndi vitumbuwa vinayi, wadya zochepa. Mphamvu sinali mu ufa wa m'chitini muja. Koma chitini chikatha umagulanso china, ndipo mwezi wachiwiri ba coach anayamba kundifunsa kuti ndibweretse anzanga atatu kuti mtengo wanga utsike, makamaka popeza ndimalankhula pa wailesi. Miyezi iwiri yonse palibe anandifunsa za BP.

Banting ndinakhalamo masiku 9. Ndi kadyedwe kamene Tim Noakes wa ku Cape Town anatchukitsa ndi buku la The Real Meal Revolution mu 2013: nyama, mazira, mafuta, koma nsima, buledi ndi mpunga ayi. Kwa ena kamagwira ntchito. Koma m'nyumba imene bajeti imayambira pa thumba la 25 kg la unga, kuphika mphika wako wa nyama ana akudya kapenta nkovuta pa thumba ndi pa mtima pomwe.

Ndiye mlamu wanga anandiuza za kiliniki ina ya pulaiveti m'tauni imene ili ndi pulogalamu yochepetsa thupi. Ndinasunga ndalama ya kuonana ndi dokotala. Ndisanakhale pansi ndinayang'ana pakhoma ngati pali laisensi ya Health Professions Council of Zambia, chifukwa masiku ano aliyense wovala chovala choyera amadzitcha katswiri. Inalipo.

Apa ndiye ndinaona kusiyana. Ba dokotala sanayambe ndi kundigulitsa kanthu. Anayamba ndi mafunso. Amayi anamwalira ndi chiyani? Ndimagona bwanji, ndimaliza nkonono? Ndimamwa mankhwala otani? Nditatchula jekeseni wolera wa Depo, anati kwa azimayi ena amawonjezera thupi, ndipo ndikambirane ndi a kulera za njira zina. Anandifunsanso ngati ndili pa ma ARV, nkufotokoza kuti dolutegravir, amene ali mu TLD, amanenepetsa anthu ena, makamaka azimayi, koma kuti munthu asayerekeze kusiya kumwa chifukwa cha zimenezo. Mafunso ngati awa wogulitsa tiyi sangakufunse, ndipo ngakhale atafunsa sangadziwe chochita ndi yankho. Anatenga magazi kuyeza shuga, impso ndi chithokomiro. Chithokomiro chinali bwino. Shuga anali pa malire: sindinadwale, koma ndinali pakhomo.

Pomaliza anatchula jekeseni amene ndinamuona pa TikTok. Dzina lake ndi semaglutide, wopangidwa ndi Novo Nordisk ya ku Denmark. Ku America anamuvomereza mu 2017 ngati Ozempic wa odwala shuga, ndipo mu 2021 ngati Wegovy wochepetsa thupi. Umadzibaya kamodzi pa sabata, umakhuta msanga, njala imachepa. Si bodza ngati tiyi uja. Pa kafukufuku wamkulu, anthu anataya pafupifupi 15 peresenti ya thupi lawo m'masabata 68. Koma atasiya, m'chaka chimodzi magawo awiri mwa atatu a zimene anataya anabwerera. Ndiye kuti si mankhwala a mwezi umodzi, ndi a zaka. Mtengo wa mwezi umodzi umene anandiuza unaposa lendi yathu ndi chakudya pamodzi. Ndinaseka, iwonso anaseka. Anandichenjeza kuti ndisapite kukafuna wotchipa pa Facebook, ndipo nchoonadi: mu June 2024 WHO inachenjeza za Ozempic wabodza amene anapezeka ku Brazil, UK ndi America. Ngati wabodza anadutsa kumeneko, nanga amene akubwera m'chikwama pa basi?

Anzanga akandifunsa kuti chabwino nchiti, ndimati kiliniki, koma osati chifukwa cha jekeseni. Chimene ndinagula ndi ndalama yanga ndi kudziwa kuti m'thupi mwanga mukuchitika chiyani. Ndipo chimene chinandiwawa pang'ono pambuyo pake nkuzindikira kuti zambiri mwa izi ndikanazipeza osapita ku pulaiveti. BP ndi shuga amayeza ku kiliniki ya boma, vuto likakula amakutumiza ku Kitwe Teaching Hospital, ndipo amene amadulidwa ya NHIMA ali ndi poyambira. Mzere ndi wautali, nthawi yolankhula ndi yochepa, koma ba clinical officer aja tsiku loyamba anali atandiuza kale theka la zimenezi. Ine ndi amene sindinamve, maganizo anali pa diresi la pa kitchen party.

Nambala imene inandithandiza ndi yaing'ono. Kafukufuku wa ku America wotchedwa Diabetes Prevention Program, wofalitsidwa mu 2002, anatenga anthu a shuga wa pa malire ngati ine nkuwapatsa cholinga chotaya 7 peresenti ya thupi ndi kuyenda mphindi 150 pa sabata. Ngozi yodwala shuga inatsika ndi 58 peresenti. Kwa ine 7 peresenti ndi makilo osakwana 7. Ine ndinali kulota 65, pamene chofunika poyamba chinali 87.

Nsima sindinasiye. Ndimadya mitanda iwiri m'malo mwa inayi, ya roller meal chifukwa ili ndi gaga ndipo imakhalitsa m'mimba, ngakhale nayo ukadya phiri imanenepetsa chimodzimodzi. Theka la mbale ndi chibwabwa, kalembula kapena repu, mafuta ndimayeza ndi supuni, mchere ndinachepetsa. Shuga mu tiyi ndinachoka pa masupuni atatu kufika pa imodzi, ndipo ichi chinandivuta kuposa zonse. Popita ku wailesi ndimayenda wapansi mpaka ku Wusakile nkukwerera minibasi kumeneko. Piritsi la BP ndimamwa m'mawa uliwonse. Mu December, ndi maukwati ndi michopo, ndinabwezapo makilo awiri. Papita miyezi 8, ndili pa 88, BP sabata yatha inali 132/84.

Mwezi watha azakhali anabwera kuchokera ku Katete. Anandiyang'ana nthawi yaitali pamene ndinali kupakula. Ana atatuluka, anandikokera kuchipinda, nkutseka chitseko.

"Mwanawe, usandibise. Wapita kukayezetsa?"

Ndinawatulutsira buku la ku kiliniki, nkuwaonetsa manambala onse kuyambira pa 94. Anagwedeza mutu. Madzulo tikudya, anatenga mtanda umodzi pa mbale yawo nkuuika pa yanga.